Nambala ya Tadala

Tsiku loyamba pa ntchito imeneyi ndinafika nditanyamula sikelo yanga ya mbedza, ija timapachika pamtengo poyeza matumba a kachewere, pamodzi ndi chingwe chake. Ndinali nditangouzidwa kuti ntchito yake ndi yoyeza anthu, ndiye njira yonse kuchokera ku Biriwiri mpaka pa Boma ndinkalingalira mmene ndikawapachikire. Ndinakumbuka mmene amachitira ndi makanda kuchipatala, kuwaveka kakabudula ka nsalu n'kuwakoleka pa mbedza, ndipo ndinati mwina aliko makabudula akuluakulu a anthu a ku yunivesite. Nditalowa mu holo ya tchalitchi imene tinabwereka, ndinayamba kuyang'ana kudenga kusaka mtanda wolimba. Mayi Kamanga, amene anali bwana wanga, anandifunsa chimene ndataya kumwambako. Nditawaonetsa mbedza ija anakhala pa benchi, naseka mpaka kuvula magalasi.

"Bambo Ngozo, ophunzira athu ndi ovuta ndithu, koma sitinafike powapachika."

Imeneyi inali ntchito yanga yoyamba yolembedwa, ndevu zitayamba kale imvi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuyeza mbatata za eni pamsika. Sukulu ndinalekezera panjira, koma kuwerenga sikunandileke. Ndimawerenga chilichonse: nyuzipepala yokulungira usipa, malemba a pathumba la feteleza, kapepala ka m'kabokosi ka mankhwala. M'mutu mwanga muli mawu ambiri a Chingerezi amene ndimawadziwa nkhope koma sindinawamvepo akutchulidwa, ndiye ndikawayesa pagulu anthu amaganiza kuti ndatsamwa.

Amene anandipezera ntchitoyi ndi Tadala, mtsikana wa kutsidya kwa dambo lathu. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anamulera ndi amalume ake, a Jere. Ndiye mwana woyamba wa mbali yathu kupita ku yunivesite. Tchuthi chilichonse ankandibweretsera mabuku amene anzake atopa nawo, n'kumandiseka ndikamafunsa matanthauzo. Mayi Kamanga anali mphunzitsi kusukulu kwawoko, ndipo ankafufuza ngati kagonedwe ka ophunzira kamakhudzana ndi kulemera kwa thupi lawo. Pa tchuthi cha nyengo yozizira anabwera kudzakumana ndi ophunzira a m'boma lathu lino, ndipo ankafuna munthu wodziwa sikelo. Tadala anawauza kuti, "Kwathu kuli ankolo amene sanaberepo munthu ngakhale mbatata imodzi." Ndinalembedwa chifukwa cha mawu amenewo.

Ntchito tinaigawa pawiri. Mayi Kamanga ankakhala pakona ndi tabuleti yawo n'kumafunsa wophunzira aliyense payekha: mumagona nthawi yanji, tulo timachedwa kubwera kapena ayi, mumadzidzimuka pakati pa tulo, mumasinza m'kalasi, mukamawerenga mumadya chiyani. Ine ndinali ndi pakona panga, ndi sikelo yathyathyathya ya mabatire, yooneka ngati chivundikiro cha mphika wa azungu, ndi thabwa loyezera msinkhu. M'mawa uliwonse ndinkaika sikelo pa simenti posalala, osati pa mphasa, n'kuiyesa ndi chigubu cha madzi chimene tinkadziwa kulemera kwake. Munthu akabwera, avule nsapato ndi jekete, atulutse foni ndi makiyi m'thumba. Ndiigunde sikelo ndi phazi, ndidikire ionetse ziro, kenako akwere, aime chilili osayang'ana pansi. Ndiyeze kawiri. Pa thabwa, zidendene, matako ndi nkhongo zikhudze thabwalo, ndiye nditsitse kathabwa kapamutu. Atsikana oluka tsitsi lounjika pamwamba ankandipatsa ntchito, chifukwa ena ankatalika ndi mesh yokha.

Chingwe changa chija sichinapite pachabe. Tinachimanga kuchokera pa zenera kufika pa msomali wa kalendala, n'kupachikapo zitenje kuti woyezedwa asaonedwe ndi anzake. Ndipo lamulo lalikulu anandiuza tsiku lomwelo: nambala ndizilemba pa kakhadi, ndipinde, ndipereke m'manja mwawo.

"Nambala ndi ya mwini wake, bambo Ngozo. Ife tangobwereka. Isatuluke pakamwa."

Ndinavomera, koma muyenera kudziwa mmene timayezera pamsika. Pa sikelo ya kachewere, munthu wonong'ona ndi wakuba. Thumba likalendewera, singano ikaima, umakuwa kuti mlimi amve, wogula amve, ndi ongodutsa amve, kuti mawa pasadzakhale wonena kuti unapotoza. Kukuwa ndiye chilungamo chathu. Pakamwa panga panazolowera kuti maso akaona nambala, mawu atuluke ndisanaganize. Masiku oyambirira mu holo muja ndinkachita kuluma lilime, ndipo madzulo nsagwada zinkapweteka ngati ndakhala ndikutafuna nzimbe zouma.

Pa nkhomaliro ndinkawafunsa Mayi Kamanga mafunso anga osatha. Ine ndinkadziwa kuti munthu wosagona amaonda, basi. Iwo anati ena amaondadi, koma ambiri akachepetsa tulo njala imawakulira, ndipo chimene amalakalaka si mpiru, ndi zamafuta ndi zotsekemera. Masana amakhala otopa, sayenda, sasewera. Ndinafunsa ngati ndiye kuti kusagona n'kumene kumanenepetsa. Anati, "Ndikanadziwa zonse sindikanabwera kudzazizidwa ku Ntcheu. Mwinanso kunenepako n'kumene kumasokoneza tulo. Ndikufunsabe." Ndinawakonda chifukwa cha yankho limenelo. Ndinayambanso kuwaona bwino ana amene ankakwera sikelo yanga. Ena ankayasamula ali chilili. Mnyamata wina anagona pa benchi akudikira, anzake n'kumujambula.

Tadala anabwera chakumapeto kwa ntchito. Anakwera kabaza wa Mavuto, mnyamata wa kwathu komweko, amene anakhala panja pansi pa zenera ndi anzake a njinga kumudikira. Tchuthi chimenecho ndinali nditamuona patali kokha, ndipo ndinaona kuti wadzaza thupi. Mumtima ndinakondwa. Kwathu mwana akabwera kuchokera kutauni atanenepa timati akusungidwa bwino. Sindinadziwe kuti chibwerereni ankangogona masana, osapita kudimba, ndipo amayi pachitsime anali atayamba kale kuyang'anana.

Analowa kuseri kwa zitenje, navula nsapato. Anandinong'oneza nambala imene ankalemera poyamba chaka, nati, "Ankolo, ndikuopa kuona." Anakwera sikelo, natseka maso.

Nambala imene inaoneka sindiilemba pano. Ndinaitchula kale mokwanira. Ndinaikuwa monga ndimakuwira thumba la mlimi amene wakolola bwino, ndi chimwemwe chonse, ndipo ngati kuti sizinakwane ndinawonjezera: "Mwana wathu wawonjezera zonsezi chaka chisanathe!"

Mu holo munangoti zii. Kenako panja pa zenera panaphulika chiseko cha anyamata a kabaza. Tadala anatsika pa sikelo, napisa mapazi m'nsapato osamanga zingwe, natuluka atazolika. Mafunso a tulo anali atayankha kale, koma msinkhu sindinamuyeze. Mayi Kamanga anabwera kuseri kwa zitenje. Sanakweze mawu.

"Mwamva mmene zamvekera?"

"Ndamva, mayi."

"Chitenje chimabisa thupi, bambo Ngozo. Mawu sichibisa."

Ndinaganiza kuti ndi manyazi a tsiku limodzi, ndikamupepesa zitha. Koma kumudzi kwathu munthu wamkulu sakwera sikelo popanda chifukwa. Okwera sikelo ndi makanda ndi amayi oyembekezera. Mavuto sananame chilichonse. Anangofotokoza pa golosale zimene anamva: kuti Tadala anapita pa Boma kukayezedwa, ndipo a Ngozo eni ake alengeza kuti wawonjezera kwambiri m'miyezi yochepa. Zotsalazo anthu anamalizitsa okha. Sabata isanathe mkazi wanga anandilandira pakhomo asanandipatse n'madzi omwe.

"Mwamva zimene mwaphika? A Jere akuti mwana uja kusukulu sabwererako. Akuti iwo anagulitsa ng'ombe kuti akatenge digiri, osati mimba."

Masukulu anali pafupi kutsegulidwa.

M'mawa mwake ndinawauza Mayi Kamanga zonse. Ndinawapempha kuti akawaonetse a Jere mayankho a Tadala, aone okha kuti vuto ndi tulo. Anakana. Anati zimene mwana uja anawauza ndi zake, monga mmene nambala inalili yake, ndipo sangakonze kuulula kumodzi ndi kuulula kwina. Chimene akanatha ndi kupita nane kukafotokoza za ntchito yathu, basi. Tinatseka holo masana, tinakwera minibasi mpaka pa Biriwiri, n'kuyenda wapansi kudutsa m'madimba a kabichi. Mayi Kamanga anali ndi nsapato za mutauni, ndipo potsetsereka ponse ndinkamva ngati ndine ndawakankha.

Tinawapeza a Jere pakhonde akusoka thumba. Ndi munthu wamtali, wosalankhula zambiri, amene anakhala zaka zambiri ku Joni asanabwerere kudzalima. Akazi awo, a NaPhiri, anatiyalira mphasa. Tadala anaitanidwa, nakhala potero pafupi ndi khola, atafunda chitenje mpaka m'khosi. Sanandiyang'ane.

Titalonjerana ndinayamba ine. Ndinati ndabwera kudzapepesa, ndinalankhula zosayenera kulankhula, ndipo anthu azitenga molakwika. A Jere anandisiya ndimalize, kenako anabaya singano pa thumba.

"Mukupepesa chiyani, a Ngozo? Munanama?"

"Ayi, sindinaname, koma..."

"Ndakhala ndikukugulitsani mbatata kuyambira kale. Sikelo yanu sinanamepo. Akanakhala wina ndikanati ndi zam'maluwa. Koma mwanena ndinu."

Apo ndiye pamene ndinamva kulemera kwake. Dzina labwino lomwe Tadala anandipezera nalo ntchito ndi limene linali kumumiza.

Mayi Kamanga anafotokoza mwaulemu kuti si a chipatala, kuti tinayeza anyamata ndi atsikana omwe, ndipo kuti ophunzira ambiri amasintha thupi chifukwa cha kagonedwe ndi kadyedwe ka kusukulu. A Jere anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mayi, inu ndinu ophunzira, ine ayi. Koma ine ndikudziwa kuti wosagona amaonda. Mwaonapo mlonda wa maliro atanenepa?"

A NaPhiri anawonjezera chapansipansi: "Nanga kugona masanaku? Nanga kukana kupita kumunda? Ifenso tinabereka, tikudziwa."

Mayi Kamanga anayang'ana Tadala. Panalibenso china chimene iwo kapena ine tikanaika pamenepo. Nkhuku zinkapalasa pafupi ndi mapazi a mwana uja. Kenako analankhula akuyang'ana pansi.

"Amalume, ine kusukulu sindigona."

Anafotokoza kuti m'chipinda chimene amachita lendi amagonamo ambiri, wina wailesi, wina foni, wina alendo. Ndiye iye amakawerengera m'kalasi mpaka atambala, ndi fulasiki ya tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi kuti maso asatseke. Pobwerera amagula tchipisi pa chiwaya, chifukwa ndi chokhacho chimene chimapezeka chotentha. Anati ngakhale tsiku limene wapeza mpata wogona, akangotseka maso amaona ng'ombe ija ikukwezedwa mu lole, mtima n'kuyamba kugunda, n'kumadzifunsa kuti akalephera mayeso adzabwera ndi nkhope yanji. Akatero amadzuka n'kudya, chifukwa kudya kokha n'kumene kumaziziritsa mtimawo. Madiresi onse anamuthina. Anasiya kupita kutchalitchi chifukwa chosowa chovala.

"Kuno ndimagona masana chifukwa ndi kuno kokha kumene tulo timabwera. Sindinafune kuti mudziwe. Munachita kale zambiri."

Zonsezi anali atauza munthu mmodzi yekha, pakona pa holo, atalonjezedwa kuti sizituluka. Tsopano anazinena pabwalo, pamaso pa amalume ake, pamaso pa ine, ndi ana a oyandikana nawo akusuzumira kumpanda. Ndinayang'ana mphasa. Ndikanatha kulowa pansi pake ndikanalowa.

A Jere anatenga thumba lija, naliikanso pansi.

"Ku Joni ndinkalondera pa geti ya fakitale," anatero. "Usiku wonse buledi ndi zakumwa zotsekemera, kuti tulo tisandigwire, bwana angandipeze. Masana kukomboni phokoso, kugona osagona."

"Munabwera lamba asakukwanani," anatero a NaPhiri. "Anthu ankati mwalemera."

"Ndinabwera ndikudwala mutu tsiku lililonse. Ndinaiwala zimenezo." Anatembenukira kwa Tadala. "Iwe, ng'ombe ija inali yokalamba. Inkangodya msipu wa zinzake. Ukufuna kudzipha chifukwa cha ng'ombe yopanda mano?"

Tadala anaseka pang'ono, kenako analira. Ine ndinaganiza kuti zatha. Koma a NaPhiri anati iwo amukhulupirira mwanayo, koma pachitsime sakamwa madzi mwamtendere mpaka pakhale umboni. Mawa lake anamutenga kupita naye kuchipatala cha pa Boma, nakhala pamzere pamodzi ndi amayi oyembekezera, kuti akayezedwe chinthu chimene iye ankadziwa kale yankho lake. Anthu a kwathu amene anali pamzerewo anamuona. Yankho linabwera monga ananenera, ndipo a NaPhiri analiyendetsa mudzi wonse. Koma munthu sayenera kuyeretsedwa mwa njira imeneyo.

Pobwerera kuchokera kwa a Jere tsiku lija, tikudikira minibasi pamsewu, ndinawauza Mayi Kamanga kuti ngati akufuna andichotse. Anati atsala ndi ophunzira ochepa ndipo alibe nthawi yophunzitsa wina. Anatinso potsazikana Tadala wapempha kuti mayankho ake achotsedwe mu kafukufuku, ndipo achotsa, chifukwa ndi ufulu wake. Choncho pa ophunzira onse a m'boma lino, amene nkhani yake inkayankha bwino funso la Mayi Kamanga ndi amene sanawerengedwe.

Masiku otsalawo ndinagwira ntchito ngati wosalankhula. Munthu akakwera sikelo ndinkaphimba nambala ndi dzanja, n'kusuzumira pakati pa zala ngati ndikuba. Ndinkafunsa kaye kuti, "Mukufuna kuidziwa?" Ena ankati inde, ena ayi, ndipo ndinadabwa kuchuluka kwa amene ankati ayi. Ndinaphunzira mochedwa kuti kuyeza molondola ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kudziwa kuti chimene wayezacho ndi cha ndani.

Tadala anabwerera kusukulu. Ndinamva kuti a Jere anamupezera chipinda cha anthu awiri, ndipo amamuimbira foni kumufunsa, osati za mayeso, koma ngati wagona. Tsiku lonyamuka anadutsa pamsewu wa kuseri kwa nyumba yanga, umene ndi wautali. Tchuthi chotsatira sanabwere, anakhala kwa mnzake mutauni. Ndinamutumizira uthenga wopepesa kudzera pa foni ya a Jere, ndipo anayankha kuti, "Zinatha, ankolo." Mwina zinathadi. Koma mabuku sanabwerenso, ndipo limodzi limene anandibwereka lidakali pa shelefu. Ndinaliwerenga mpaka chikuto chinatha mphamvu. Sindinapezebe njira yolibwezera imene siikufuna kuti ndiime pamaso pake.

Ntchito itatha ndinabwerera ku mbedza yanga pamsika. Koma pakamwa panali patasokonekera. Thumba likalendewera, singano ikaima, ndinkapezeka ndikuweramira kukhutu kwa mlimi n'kumunong'oneza. Alimi anayamba kundikayikira. Wina anatsitsa thumba lake napita nalo pa sikelo ina, akunena kuti a Ngozo chipitireni kwa anthu a yunivesite aphunzira kuba.

Madzulo ake ndinkadandaula zimenezi ndili pakhomo. A NaMbewe, amene timagawana nawo mpanda, ankaanula zovala ndipo anamva zonse. Anaika beseni pansi, nandiyang'ana pamwamba pa mpandawo.

"Inutu a Ngozo mwazitembenuza. Pa mwana wa anthu munakuwa. Tsopano mukusungira chinsinsi mbatata."